Mpando Wogula ndi Belo la Fodya

Ana anga, mayina atuluka ndipo lanu lilipo. Nkhuku yaphedwa, azakhali anu alulutira mpaka mawu kusasa, ndipo bambo anu, amene amaumira mawu ngati feteleza wa ngongole, dzulo ndawapeza pa Chinkhoma akuuza aliyense wodutsa kuti mwana wawo akupita ku yunivesite. Zikomo, mwatichotsa manyazi. Koma chikwamacho mulongedza mawa. Lero khalani pansi mundimvere, chifukwa kumene mukupitako ine ndinafikako, ndipo ndinabwerako chimanjamanja.

Ndikunena iwe wa ku Chamama. Ndikunena iwe wa ku Santhe, wa ku Chulu, wa ku Wimbe, wa ku Nkhamenya. Iwe amene fizi yako ya ku sekondale inkadikira kuti belo ligulidwe kaye ku okushoni. Iwe amene zala zako zimaudziwa utomoni wakuda wa fodya, uja suchoka ndi sopo wa tsiku limodzi. Za mowa akuuzani kale. Za matenda akuuzani kale, kutchalitchi ndi kuchipatala komwe. Ine ndabwera ndi chimene palibe anandichenjezapo: kusungulumwa kwa sabata yoyamba, ndi anthu amene amapezerapo mwayi wokugula.

Sabata imeneyo ndi yowawa. Kwanu kuno unali mwana wanzeru wa dera lonse, aphunzitsi aakulu ankakutchula dzina pa asembule. Kumeneko palibe akukudziwa. Ndiwe yaro basi, wa chaka choyamba, ndipo makonti, amene anakutsogolera, akukuyang'ana ngati mbuzi yosokera. Ulowa kodyera mbale ili m'manja, uyang'ana uku, uyang'ana uko, pokhala sukupaona. Ndiye maso ako agwera pa tebulo lina la pakona. Eni ake avala bwino, akuseka mokweza, Chingerezi chikutulukira m'mphuno, ndipo aliyense wodutsa akuwapatsa moni. Mtima wako unena kuti, ha, ndikanakhala pamenepo. Ine mtima wanga unanena mawu omwewo, ndipo ndinawamvera.

Musaganize kuti ndi za kuno kokha. Ku America anachita kuzimangira nyumba. M'mayunivesite awo muli magulu a anyamata otchedwa fraternity ndi a atsikana otchedwa sorority, ndipo mayina awo ndi zilembo za Chigiriki. Loyamba kutenga dzina lotere, Phi Beta Kappa, linabadwa mu 1776 pa College of William and Mary ku Virginia, lili ndi lumbiro lake, chinsinsi chake, ndi kagwiridwe ka chanza kodziwa eni okha. Lero ambiri mwa magulu amenewa ali ndi nyumba zogonamo pafupi ndi sukulu. Sumangolowa ayi. Umapita kukadzionetsa, eni ake n'kutseka chitseko kuti akambirane ngati ukuyenera. Akakuvomera, umayamba wayesedwa kwa masabata angapo, kenako umalumbira, ndipo teremu iliyonse umapereka ndalama. Wopanda ndalama amaonera pawindo. Kwa zaka zambiri wakhungu lakuda naye ankaonera pawindo lomwelo, n'chifukwa chake ophunzira akuda anayambitsa magulu awoawo: Alpha Phi Alpha mu 1906 pa Cornell, limene Martin Luther King anadzalowa pambuyo pake, ndi Alpha Kappa Alpha mu 1908 pa Howard, la atsikana, limene Kamala Harris ndi membala wake. Ngakhale Kwame Nkrumah analowa Phi Beta Sigma akuphunzira pa Lincoln University.

Mayina amenewa ndawatchula dala, kuti musati mdalayu akungonyoza. Gulu lili ndi phindu lake. Anthu amapezerana ntchito, amakwezana, amaikana m'manda. Koma mverani izi. Mu Febuluwale 2017, pa Penn State, mnyamata wa zaka 19, Timothy Piazza, anamwetsedwa mowa wambiri usiku womulandira m'gulu. Anagwa pa masitepe. Amene ankati tsopano ndi abale akewo anakhala pafupifupi maola 12 osaitana thandizo. Anamwalira. Ku Nigeria nako, mu 1952, Wole Soyinka, uja anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1986, anayambitsa ndi anzake 6 gulu la Pyrates Confraternity pa University College Ibadan. Cholinga chinali chabwino, kutsutsa matama a ana a olemera otsanzira azungu ndiponso kusankhana mitundu. Patapita zaka kunaphuka magulu ena ochuluka otengera chitsanzo chomwecho, koma onyamula zikwanje ndi mfuti. Pa 10 Julayi 1999, pa Obafemi Awolowo University ku Ile-Ife, ophunzira 5 anaphedwa usiku umodzi ndi gulu la mtundu umenewu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zilembo za Chigiriki kuno ku Kasungu sizachilendo. Kamuzu atatsegula Academy yake ku Mtunthama mu 1981, ana osankhidwa m'maboma onse anayamba kuphunzira Chilatini ndi Chigiriki pakati pa minda ya fodya, ife tikudutsa kunja kwa mpanda titakwezedwa pa njinga, makosi atapindikira komweko. Koma magulu athu a m'makoleji alibe zilembo zimenezo. Alibe nyumba, alibe chikwangwani, salembedwa m'kaundula wa sukulu. N'chifukwa chake ndi ovuta kuwazindikira. M'nthawi yathu mzere waukulu unali pakati pa mayo ndi matradi. Mayo anali ana a m'tauni, ochokera m'masukulu a ndalama, a mathalauza okhwepa ndi nyimbo za ku America. Matradi tinali ife, a malaya opisira ndi sutikesi ya malata. Kunalinso magulu a anthu a boma limodzi, amene amayamba bwino ndi kusonkherana ya basi ya kumaliro, koma ikafika nthawi yosankha atsogoleri a ophunzira amasanduka a mtundu wathu ndi mtundu wawo. Ndondomeko ya kota, yosankha ophunzira potengera boma lochokera, imene inabwereranso mu 2009 n'kudzathetsedwa mu 2020, inazoloweretsa ana kufunsana kwawo asanafunsane dzina. Kuli a zipani, a masikipa ndi maenvulopu a Loweruka. Kuli ngakhale a mapemphero ena amene amakuona ngati wotayika ukapemphera kwina.

Ine ndinagwera kwa mayo. Ndikuuzani mmene zinayendera, ngakhale kuti mpaka lero pakamwa pamandiwawa.

Bambo anga anali tenanti. Zaka zambiri analima fodya wa bale pa esiteti ya munthu wina, akulandira chimanga, mchere ndi feteleza pa ngongole, ndipo pakutha pa chaka mwini esiteti akawerengera, nthawi zina chotsala chinali chosakwana bulangete. Boma litalola alimi ang'onoang'ono kulima bale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, bambo anabwerera pa munda wa makolo, analowa kalabu, n'kuyamba kutumiza mabelo awo ku okushoni ku Kanengo. Nazale ankathirira okha ndi kheni. Kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha, kudinda pa jeke, zonse ndi manja awo, a mayi ndi a mlongo wanga. Pamene ndinasankhidwa kupita ku koleji mu 1997, ndalama yanga ya m'thumba inali belo limodzi pa chaka. Belo lathunthu, la mwana mmodzi.

Kumeneko ndinapita ndi mnyamata wina wa ku Santhe. Tinakwera basi imodzi, tinadya chinangwa chimodzi m'njira, ndipo anatipatsa zipinda zoyandikana. Anali wa masamu woopsa. Madzulo ankandilongosolera zimene zandipita m'kalasi, osatopa, osanditola chitsiru. Akanakhala mnzanga wa moyo wonse. Koma ine maso anali pa tebulo la pakona.

Anyamata a patebulo lija analipo ochepa, ndipo anali ndi dzina lawo limene sinditchula. Anandiona chifukwa ndinali wanthabwala ndipo mpira ndinkautha. Tsiku lina mmodzi anandikodola nati, “Amwene, mukuoneka kuti si inu tradi weniweni. Tabwerani kuno.” Ndinamva ngati ndakhoza mayeso kachiwiri. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Poyamba anali mawu: usamalankhule Chichewa cha kumudzi, usamati “odi” pakhomo, dzina lakolo n'lalitali tikupatsa lina. Ndinavomera. Kenako zovala: nsapato zakozo zikutichititsa manyazi. Ndinagula zina. Kenako Lachisanu: aliyense ali ndi tsiku lake logula kireti. Kwa iwo kireti inali ndalama yotola m'galimoto ya bambo awo. Kwa ine inali mizere ya fodya imene mayi anasoka msana ukuwawa.

Ndipo kunabwera mayeso enieni. Gulu lililonse lotseka chitseko limafuna umboni kuti wasiyana ndi akunja. Usiku wina, titamwa, anandipatsa ndowa ya madzi a mopu, akuda, onunkha. Anati ukathire pa bedi la tradi mmodzi, ndipo tradiyo tikusankhira ndife. Anasankha mnzanga wa ku Santhe. Ankadziwa chimene akuchita. Ndinayima pakhomo pake kanthawi, ndowa ikundilemera, anzangawo akuseka chamumtima kumbuyo kwanga. Ndinakankha chitseko. Anali atagona chafufumimba, buku lili pafupi ndi mutu. Ndinakhuthula yonse, pa iye, pa bulangete, pa makope ake a masamu omwe aja ndinkakopera ine. Anadzuka akutsamwa, nayatsa getsi. Sanatukwane. Sanandimenye, ngakhale mphamvu anali nazo. Anangondiyang'ana nati, “Ndiwe?” Kenako anayamba kutola makope aja limodzilimodzi, kuwayala pawindo.

Usiku umenewo anandinyamula m'mwamba. Anati tsopano ndine m'bale wawo. Mpando wa patebulo lija ndinaupeza.

Ana anga, gulu limene likufuna kuti uchititse munthu manyazi kuti ulowemo, thawa. Ndabwereza: thawa. Usati ndi masewera. Usati aliyense anadutsamo. Iwo akudziwa kuti ukangochita chinthu chonyansa pamaso pawo, sungabwererenso kumene wachokera, ndipo ukhala wawo chifukwa kulibenso kwina kopita.

Koma chachikulu sichimenecho. Chaka chachiwiri, msika wa fodya utatsegulidwa, bambo anaganiza zodzandiona. Sananditumizire uthenga, mafoni a m'manja kumudzi kunalibe. Anakwera basi ya usiku, nafika m'mawa wa Loweruka. Ine ndinali pakhonde la hosteli ndi anzanga aja, wailesi ikulira. Ndinaona munthu akubwera chapatali, jekete ya pa kaunjika yaikulu kuposa mwini wake, thalauza lokwera, chipewa chakutha, thumba la mtedza lili paphewa. Ndinawadziwa ndi kayendedwe. Anandiitana ndi dzina langa la kumudzi, lija ndinalibisa, mokweza, mokondwa, mano onse pamtunda. Mmodzi wa anzanga anatsitsa wailesi nafunsa, “Amwene, mdala ameneyu ndi ndani?”

Ndinati, “Ndi wantchito wa ku esiteti kwa madala.”

Ndinanena m'Chingerezi, poganiza kuti samva. Munthu amene wakhala zaka zambiri pa esiteti mawu akuti wantchito amawadziwa m'chilankhulo chilichonse. Bambo anaima. Anatsitsa thumba lija pansi bwinobwino. Anavula chipewa, nachigwira ndi manja awiri, nati, “Zikomo bwana, ndangobweretsa katunduyu. Kunyumba onse ali bwino.” Anatulutsa kampango komanga mfundo, nandipatsa ndi manja awiri. Munali ndalama za belo. Ndinalandira. Sindinawaperekeze. Sindinawafunse ngati adya. Anatembenuka, nabwerera ku depoti wapansi, ndipo madzulo ake ndalama ija inagula makireti awiri.

Bambo anga ananditchinjiriza pamaso pa anthu amene ndinawakanira. Ananditcha bwana kuti bodza langa lisaululike. Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo, koma tsiku limenelo mtengo unachita kudzigwetsa wokha kuti tsamba lioneke lili m'mwamba.

Zotsatira zake sizinachedwe. Wondilongosolera masamu panalibenso. Lolemba m'mawa mutu unkakhala ukuwawa. Ndinalemba masapu, mayeso obwereza, ndinalephera, ndipo pakutha pa chaka chimenecho dzina langa linatuluka pa mndandanda wa owidedwa, ochotsedwa pa koleji. Sindinawidedwe ndekha, a patebulo lija tinagwa atatu. Koma taonani kusiyana kwake. Mmodzi bambo ake anamutumiza ku South Africa kukayambiranso. Wina amalume ake anamulowetsa ntchito mwezi womwewo. Ine ndinakwera basi ya ku Kasungu ndi sutikesi yanga ya malata, n'kutsikira dala pa Chinkhoma kutada, kuti anthu asandione. Tinkamwa botolo limodzi, koma pansi pa iwo panali matiresi, pansi pa ine panali mwala. Mwana wa tenanti, dziwa ichi: ukamavina ndi ana a eni esiteti, ukagwa umagwa wekha.

Ndikanapirira, ndikanamaliza mu 2001. Mukudziwa chimene chinachitika kuno kumayambiriro kwa 2002. Funsani amayi anu. Anthu ankadya gaga, ankakumba zitsa za nthochi, ankagona pamzere ku ADMARC kudikira chimanga chosabwera. Kasungu anali m'gulu la maboma amene njala imeneyo inawakantha koopsa. Chaka chimenecho ndikanakhala ndikulandira malipiro, ndikutumiza thumba la chimanga mwezi ndi mwezi. M'malo mwake ndinali pakamwa pena powonjezera pa mbale ya bambo. Tinagulitsa njinga. Tinagulitsa malata a nyumba. Mlongo wanga, amene anali ndi nzeru kuposa ine, anasiyira fomu 2 n'kukwatiwa. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Kireti iliyonse ya Lachisanu ija inalipiridwa ndi munthu amene sanalaweko ngakhale dontho.

Ndisaname, mmodzi wa anyamata aja anadzandithandizapo. Patapita zaka anandipezera ganyu ya ukalaliki wa pa sikelo kwa miyezi ingapo, ndipo ndinathokoza. Koma kulikonse kumene ankandionetsa kwa anzake ankati, “Uyu ndi tradi wathu uja.” Zaka zonse zija, nsapato zonse zija, ndowa ija, bambo anga aja, ndipo ndinali ndidakali tradi. Ankandiitana pakalowa njoka. Pakalowa mbewa ankakumba okha. Mnzanga wa ku Santhe anamaliza, ndipo lero ndi munthu wamkulu. Ndinakumana naye kamodzi pa boma, pamzere wa ku banki. Anandipatsa moni wa manja awiri, waulemu, umene umapatsa mlendo. Nditayamba kupepesa anati, “Zakale zimenezo, achimwene,” nayang'ana wotchi. Ndikanakonda akananditukwana.

Tsono musamve ngati ndikuti mukakhale nokhanokha ngati kadzidzi. Ayi. Kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Bambo anga omwewo anali m'gulu, kalabu ya fodya ija, ndipo nayo sinkalola aliyense. Waulesi ankamukana. Wozembetsa fodya kwa mavenda ankamuchotsa. Chifukwa chake chinali chomveka: ngongole ya feteleza inali ya onse, mmodzi akalephera kubweza onse ankadulidwa ku okushoni. Ankasankhana poyang'ana ntchito ya manja, osati nsapato. Wina akadwala nthawi yothyola, anzake ankalowa m'munda mwake fodya asanapserere. Limenelo ndiye gulu. Za ku dambwe sindilankhula, ine sindinamete, ndipo wosameta salongosola za kumeneko. Koma chimene aliyense wa kuno amaona ndi maso n'chakuti gule ali ndi chinsinsi chake, komabe amatuluka pabwalo pa maliro ndi pa chinamwali, mudzi wonse ukudziwa ntchito yake ndipo mfumu ikudziwa. Gulu lathu lija chinsinsi linali nacho, koma ntchito linalibe. Ntchito yake yokhayo inali yakuti ena akhale kunja.

Ndipo m'makoleji athu magulu olemekezeka akhalamo. Pa Chancellor College, kuyambira 1970, ophunzira ndi aphunzitsi, mmodzi mwa iwo Jack Mapanje, ankakumana mu Writers' Group kuwerengerana ndakatulo ndi nkhani, m'nthawi imene mawu amodzi ankatha kukugonetsa ku ndende ya Mikuyu, monga anadzagonera Mapanje kuyambira 1987 mpaka 1991. Cholowera chinali cholemba chako, osati dzina la bambo ako. Mu Malichi 1992, mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula boma, ophunzira a pa Chancellor anayenda mumsewu kuivomereza, mpaka koleji inatsekedwa. Tsiku limenelo palibe anafunsa mnzake kuti ndiwe yo kapena tradi. Alipo magulu a mapemphero monga SCOM, alipo a zisudzo, a kwaya, a mpira, a mtsutso, ndi timagulu ta anthu anayi asanu towerengera limodzi mayeso akayandikira. Khomo lawo ndi lotsegula. Ukatopa nawo umachoka, palibe amakuopseza.

Ndiye akakukodola, usathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Khala teremu yonse yoyamba ukuyang'ana. Ona amene akutsala kunja, ndipo udzifunse kuti walakwa chiyani. Ngati kulakwa kwake ndi umphawi, boma limene akuchokera, kapena Chingerezi chothyoka, ndiye kuti amene akutsala kunjayo ndi iwe wemwe, kungoti sanakuzindikire. Ona amene amalipira. Ona chimene chimachitika wina akati lero sindimwa, ndili ndi mayeso. Ngati amuseka, anthu amenewo digiri yako alibe nayo ntchito. Ndipo udzifunse funso limene ine ndinalephera: bambo anga atatulukira pano ndi thumba paphewa, ndingaimirire n'kunena kuti awa ndi bambo anga? Ngati mtima wako wagunda pofuna kuyankha, nyamuka pa tebulo limenelo lero lomwe.

Inu atsikana, ndisakusiyeni, chifukwa kwanu msampha ndi wofewa koma wakuya. Anyamata amayesana ndi mowa. Inu amakuyesani ndi tsitsi, foni ndi mafuta odzola. Adzabwera achemwali ena a chaka chachitatu, okoma pakamwa, nati, “Mwana iwe ndiwe wokongola, koma tsitsi ili ayi. Tiye tikukonze.” Akubwereka diresi. Akulipirira ku saluni. Akuika m'gulu lawo la WhatsApp limene ena onse amalisirira. Iwe uti wapeza abale. Lachisanu lina adzati tiperekeze, kuli anzathu akufuna kutigulira chakudya, ndipo pageti padzaima galimoto ya magalasi akuda, m'kati muli chidyamakanda cha msinkhu wa bambo ako. Pamenepo udzazindikira kuti diresi lija linali ngongole, ngati chimanga cha pa esiteti, ndipo nthawi yowerengera yakwana. Mwana wanga, vala chitenje chako. Luka tsitsi lako la ulusi. Palibe mphunzitsi amene amachonga wigi.

Ndikudziwa kuti masiku ano n'kovutirapo kuposa m'nthawi yathu. Ife tinkadya ku kafu, chakudya chili chokonzeratu. Ambiri a inu, kaya ndi ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Blantyre kapena ku Thyolo, mudzagona kunja kwa sukulu m'tizipinda ta lendi, mukudziphikira pa mbaula, ndalama yake ya ngongole imene mudzabweze mukadzayamba ntchito. Njala idzakupezani pakati pa mwezi, ndipo wa maenvulopu a chipani adzaidziwa nthawi yake. Adzakupatsani sikipa ndi ya thiransipoti kuti mukakuwize mnzanu amene wanena zosawakomera. Akuluakulu amenewo ana awo sakhala pa mzere wa kutsogolo. Mukagwidwa, foni yawo imakhala yozima. Pezani anzanu awiri atatu a ufa umodzi ndi inu, muzisonkherana makala ndi bonya, muzidzutsana m'bandakucha kuti muwerenge. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Chimene muli nacho m'manja ndi malo amene mwapatsidwawo, ndipo alipo ambiri anakhoza ngati inu koma sanawapeze.

Mwina mukufuna kudziwa ngati bambo anadzandifunsa za tsiku lija. Sanatero. Nditabwerera ndi sutikesi yanga, anangondipatsa singano ndi chingwe nati fodya sadikira. Mayi sanauzidwe kanthu, ndipo anamwalira osadziwa. Tinakhala zaka zambiri tikugwira ntchito limodzi, ine ndikudikira tsiku limene adzatsegule nkhaniyo kuti ndigwade, iwo osaitsegula. Nanenso mantha anandimanga pakamwa.

Chaka chawo chomaliza, maso atayamba kuchita khungu, tinali awiri m'chigafa tikusankha fodya, mvula ikuwaza kunja. Ankasiyanitsa masamba ndi zala zokha, ili la pansi, ili la pakati, ili lathothoka. Mwadzidzidzi, osatukula mutu, anafunsa, “Kodi mtedza uja unadya?”

Thumba lija ndinalikankhira pansi pa bedi tsiku lomwelo kuti anzanga asalione. Linakhala pamenepo mpaka linafumbwa, ndipo amene ankasesa m'hosteli ndi amene anakalitaya.

Ndinati, “Ndinadya, bambo.”

Anagwedeza mutu. “Unali wabwino chaka chimenecho,” anatero. “Amayi ako anachita kusankha umodziumodzi.” Kenako anandipatsira mulu wina wa masamba kuti ndimange.